Khoma Lopyapyala

Ku Hull, mumsewu wa nyumba zogundana ngati mano,
khoma lathu linali lopyapyala
moti ndinkadziwa tsiku limene bambo ake a Corey alandira malipiro.
Lachisanu. Chitseko, phwa! Botolo.
Kenako dzina la mkazi
likuitanidwa ngati la galu amene waba nyama.

Mwanayo sankalira.
N'chimene chinkandisowetsa tulo,
kusalirako.
Ali ndi zaka zisanu ankadziwa kale
sitepe imene imalira pamakwerero,
yachitatu kuchokera pansi,
ndipo ankaidumpha.

M'mawa, pochokera ku ntchito ya usiku,
ndinkamupeza pakhomo, juzi ya sukulu atavala chotembenuza,
akutapa phala louma m'katoni,
magetsi atatha pamita, mpweya ukufuka m'kamwa.
Ndinamupatsapo buledi kawiri. Mwina katatu.
Theka ankabisa m'sokosi.
Tsiku lina ndinati ndimusisite kumutu,
kamkono kake kanali katafika kale kumaso,
kudikira khofi.

Nambala ya oona za ana ndinali nayo,
pachitseko cha firiji, pansi pa kamaginito.
Koma mapepala anga anali asanatuluke,
ndipo wopanda mapepala saitana boma pakhomo.
Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe.
Ine ndinangokweza wailesi.

Anamuchotsa sukulu ataluma mphunzitsi.
Anagonapo m'nyumba zisanu ndi imodzi za anthu omulera,
zovala zake zikuyenda m'jumbo lakuda la zinyalala.
Izi ndinazimva mochedwa,
loya akuziwerenga mothamanga ngati mndandanda wa zogula,
ine nditaima kuseri kwa chitseko ndi chokolopera,
pakuti masiku ano ndimakolopa kukhoti.

Sindikunena kuti ndi wosalakwa.
Ndinamuona mkulu amene anathyoledwa chibwano uja,
woyendetsa basi, wa ana awiri,
akumwa tiyi ndi kapaipi pabenchi.
Foni yokha, ya galasi losweka kale,
ndiyo anaivulalira.
Naye mkazi wake sagona.

Koma pamene ankamukweza kuchokera kuchitokosi,
chimunthu chachitali, ndevu, chipsera pachikope,
mlonda anangokweza dzanja kuti adzikande pakhosi,
ndipo mkono uja unakwera kumaso,
unyolo n'kulira.
Palibe anaona. Ine ndinaona.

Zaka zinayi, anatero woweruza,
mawu ake ofewa ngati akupepesa.
Kumpando wa abale kunalibe munthu,
koma jekete imene wina anaiwala dzulo.
Corey sanalire.
Anandiyang'ana pang'ono, monga uyang'anira khoma,
n'kutembenuka.

Potsika makwerero aja, a simenti, osalira n'komwe,
ndinawerenga mapazi ake.
Yachitatu kuchokera pansi
anaidumpha.

Madzi anali atazizira m'ndowa.
Ndinakolopa pamene anaponda,
ndi pamene sanaponde pomwe.