Chigwa Chapakati

Ine ndimangowotcherera zitsulo.
Nzeru zake ndi za Ximena Quilodrán,
amene anatola zigoba za nkhono kudzala la padoko la Antofagasta,
n'kuzikazinga, n'kuzipera, n'kuzitsendera m'mipope,
mpaka madzi oipa a kumgodi wa mkuwa
anatuluka kumapeto kwa paipi ali mbee.
Kapu yoyamba anamwa yekha, ine ndikuona.
Ndinadikira kuti agwe. Anangogeya.

Papita zaka zinayi chimwereni kapu ija.

Ndalama za boma zinali za kafukufuku basi,
zinatha tsiku lomwe makina anadzuka,
ngati mzamba womanga katundu wake mwana atangolira.
Akubanki anafunsa chikole.
Titawaonetsa makinawo anati,
chitsulo ichi tikakulandani tikagulitsa kwa yani?
Akumgodi anati bwerani muli ndi fakitale.
Omanga fakitale anati bwerani muli ndi oda ya akumgodi.
Malo amenewa ophunzira amawatcha chigwa cha imfa.
Ife ana a chipululu cha Atacama tinaseka,
pouma ndiye tinabadwirapo,
koma chigwa ichi chilibe ndi nkhungu ya m'mawa yomwe.

Ndinagulitsa lole yanga kuti tilipire lendi.
Mkazi wanga Eduvigis sanandilankhule mpaka Pasaka.

Ku Santiago tinapita pabasi, usana ndi usiku,
kathanki kachitsanzo kali pamiyendo ngati mwana wodwala.
M'nyumba yagalasi, pamwamba poti anthu pansi aoneka ngati nyerere,
anatipatsa mphindi zisanu ndi ziwiri.
Mnyamata wopanda tayi, dzina lake Baltasar,
anafunsa: pakatha zaka zisanu ndidzatuluka bwanji?
Ine ndinaloza chitseko.
Ximena anandiponda phazi.
Kani amanena zotuluka ndi phindu kakhumi.
Anafuna magawo asanu ndi limodzi mwa khumi a kampani,
pamodzi ndi chikalata cha umwini wa nzeru ija.

Sindinganene kuti ndi munthu woipa.
Ndalamazo nzaeni, penshoni ya aphunzitsi ena kutsidya kwa nyanja,
ndipo mwa makina khumi amene iye amawathirira ndalama
asanu ndi atatu amafa ali m'chikuta.
Anatiuza yekha zimenezi
akutithirira madzi a m'botolo, ochokera kunja.

Ximena sanasaine, komanso sanakane.
Pepala lija lili m'kabati, talitsindira ndi sipanala.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina, fumbi lili kumaso,
Nélida Chambe, msungichuma wa komiti ya madzi
kumudzi wina kumapiri,
mabanja makumi atatu ndi awiri olima adyo ndi karoti.
Sanafunse za zaka zisanu.
Anatambasula zikhato zake, tinaona mawanga.
Anati, ndi ana omwe ayamba kutuluka zotere.
Kenaka anasolola envulopu yonona mafuta,
mapeso opindika, ena omata ndi tepi.
Tasonkha, anatero. Sakwanira, tikudziwa.
Otsalawo tizilipira pa lita, mwezi ndi mwezi,
bola madziwo azimweka.

Tinawerenga kawiri.
Akwana zitsulo, mapaipi, ndi theka la mavavu.
Akubanki anati tidzabwerenso tikagulitsa makina zana limodzi.
Kwatsala makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi.

Usiku uno ndikuwotcherera thanki ya Nélida,
nthethe zikugwera pansapato.
Ximena ali patebulo, pensulo kukamwa,
akuwonkhetsa manambala okana kugwirizana.
Mavavu otsalawo alibe mwini.
Lendi ndi Lolemba.

Foni yake yayamba kunjenjemera pakati pa zigoba.
Dzina lawala: Baltasar.
Wayang'ana kabati, wayang'ana envulopu,
wayang'ana ine.

Ndatsitsa chigoba changa kumaso.
Msoko uwu ukapanda kugwira bwino udzadontha,
ndipo kumapiri kuja
dontho lililonse lalipiridwa kale.