Asilikali Atsale Pakhomo

Thumba ndalikoloweka pa mbedza, pamwamba pa mutu wanga,
likadali lofunda.
Palibe dzina, pali nambala chabe,
koma mwini wake ndamuona m'mawa:
Ajibu wa kabaza, njinga ataitsamiritsa pa mtengo wa nimu,
anapinda mkono wa malaya, maso kudenga,
akuti singano amaiopa kuposa malole a pa mlatho wa Shire.

Ndatsegula kapaipi.
Magazi akutsika mosathamanga,
akulowa m'sefa yochepa ngati chikhatho cha khanda.
Ofiira akudutsa, mtolo wa mpweya pamutu.
Oyera, asilikali a m'thupi, akutsala.

Ndi omwewa anagwetsa malungo a Ajibu kasanu ndi kawiri,
ndi omwewa analondera bala la tcheni pa kakolo pake,
chibadwire sanalawepo tulo.
Lero ndikuwauza kuti pepani, ulendo uno si wanu.
Mumadziwa mbuye mmodzi yekha.
Mukafika kwa eni mudzayesa ndi nkhondo,
mudzanjenjemeretsa mayi wa ku Namwera
amene wataya kale magazi pochira,
kapena kamwana ka ku Makanjira koyera m'zikope,
kamene sikanakulakwireni kanthu.

Magetsi aphethira.
Jenereta yatsokomola kawiri, yagwira.
Thukuta la Okutobala likuyenderera m'magolovesi.
Mwazini waitana ku Mpondasi, ine ndikuwerenga madontho.

Thumba la pansi ladzaza.
Ndamata, ndalemba tsiku,
ndaligoneka m'firiji pa madigiri anayi
pambali pa magazi a mphunzitsi, a wogulitsa mandasi,
a mkristu, a msilamu, onse chete,
palibe wofunsa mnzake kwawo.
Sefa ndaiponya mu ndowa yachikasu.
Ankhondo ambirimbiri, opanda ndi nyimbo ya maliro yomwe.

Foni yanjenjemera m'thumba la yunifomu.
Ndi Akuzike, mng'ono wanga.
Chaka chachitatu chino tikulankhulana ngati a khoti
chifukwa cha dimba la malemu amayi ku Chimwala.
Akuti mwana wadwala, ndibwere Loweruka.

Ndimapitako ndithu, shuga ndi sopo m'jumbo,
koma ndimalowa ndi asilikali anga onse,
aja amakumbukira mawu alionse,
ndipo ndikachoka, nyumba yonse imatentha thupi.

Ndavula magolovesi, ndasamba m'manja kawiri.
Ndayankha kuti ndibwera.
Sefa ya zimenezo sindinaionepo m'sitolo ya chipatala,
ndipo pa alumali pali matumba ena asanu ndi anayi
akundidikira.