Tsiku Lolembedwa ndi Msomali

Lachiwiri m'mawa, chifunga chitakhala pa Katoto
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika,
ndinaima pa golosale kugula buledi ndi machesi basi.
Pobwerera ndinapotokola kiyi.
Tche. Tche-tche.
Ndinayesanso, ndikunyengerera ngati mwana wokana phala.
Tche.
Kenako zii.

Timagetsi ta kutsogolo tinaphethira kamodzi, n'kutsinzina.
Hutala amene dzulo lomweli anabalalitsa agalu ku Luwinga
analira ngati mwanapiye wonyowa.

Anyamata atatu a kabaza anagoneka njinga zawo:
"Mama, ikani giya yachiwiri, tikankhe!"
Ndinati galimotoyi imasintha yokha magiya.
Anayang'anana. Mmodzi anapukuta manja pa thalauza
ngakhale sanagwire kanthu.

Wa minibasi ya ku Ekwendeni ndiye anandibwereka moto,
waya wofiira apa, wakuda apo,
apaulendo ake akung'ung'udza pa mawindo.
Injini inatsokomola, inadzuka monyinyirika.
"Musazimitse mpaka kwa Chawanangwa ku Chibavi," anatero,
"ngakhale apolisi akuimikeni."
Ndinayenda ngati ndasenza ndowa yodzaza.

Chawanangwa sanandifunse zambiri.
Anatsegula boneti, anagunditsa kachipangizo kake,
anapukusa mutu ngati dokotala wa zaka zambiri.
"Uyu watha, mama. Wadya zaka zake, wadyanso za mnzake."
Ndi chala chachikulu anapala ufa wobiriwira
umene unamera pa mitu ya batire,
ndipo pansi pa fumbilo panatuluka manambala,
okanda ndi msomali, opendekera kumanja.
Pambali pake: Y.M.

"Analemba ndani apa?"

Yotamu ankalemba tsiku pa chilichonse.
Pa wailesi, pansi pa mpando, kuseri kwa firiji,
ngakhale pa khasu.
Ankati chinthu chopanda tsiku chimanama msinkhu.
Ndinkamuseka.
Zaka zisanu zapita chikandireni manambala amenewa,
zitatu chimuikireni iye ku Enukweni.
M'mawa uliwonse wa zaka zitatuzo
bokosi lakuda ili limandidzutsira injini
osandiuza kuti dzanja lake lili pompo.
Ine ndimayesa ndikupita kusukulu ndekha.

Mtengo wa watsopano unandikhazika pa thayala.
Theka la malipiro a mwezi, ndipo mwezi sunafike pakati.
"Mukasiya wakaleyu ndikuchotserani pang'ono,"
anatero mnyamatayo, akuloza pakona
pamene mabatire akufa anasanjikizana
kudikira lole yodzawatenga kukasungunula mtovu.

Ndinawerengera: fizi ya Tawonga, magetsi, feteleza wa amayi.
Ndinayang'ana zilembo ziwiri zija.
Mvula yamawawa inayamba kunong'ona pa malata.
Kodi ndikamuika pati, pa shelefu ya mbale?
Asidi amaboola nsalu, Yotamu yemweyo anandiuza.
Akanakhalapo akanasiya, n'kunenereranso mtengo.

Ndinasiya.
Chawanangwa anamunyamula ndi manja awiri,
sanamuponye, ndinaona,
anamukhazika pamwamba pa anzake.

Sipanala nambala teni inamanga watsopano,
wonyezimira, wosadziwa aliyense.
Asanatseke boneti ndinati, "Bwereke msomali."
Pulasitiki njolimba kuposa momwe ndimaganizira.
Msomali unaterera kawiri,
seveni wanga anatuluka ngati mbedza.
Pa zilembo ndinaima nthawi yaitali,
mpaka mnyamatayo anayamba kuyang'ana kumbali.
Ndinalemba langa dzina.

Kiyi kamodzi kokha: vuuu!
Koma wotchi inabwerera pa thwelofu koloko,
ndipo wailesi inaiwala masiteshoni onse
amene iye anaisungitsa.
Inangoti shiii kuchokera ku Chibavi mpaka pa geti la sukulu.
Sindinaizimitse.

Ana a Sitandade sikisi anali atayamba kale phokoso.
Buledi anali pa mpando, wozizira,
ndipo m'chikhatho mwanga munali kadzenje kofiira
ka mutu wa msomali,
kamene kanatha ndisanamalize kulemba tsiku pa bolodi.