Njinga ya Bambo

Si ija ya tcheni ndi mapedulo ayi.
Ndikunena kamtengo kosongoka uku ndi uku,
kovala kambale ka thabwa m'chiuno,
kopotera ulusi,
kamene kwathu kuno, kunsi kwa phiri la Ausangate,
timakatcha pushka.

Bambo anga, Leoncio Ccorimanya,
sankayenda chimanjamanja.
Ubweya wa alipaka ataukulunga pamkono,
kanjinga kali lende,
ankakapotokola kamodzi kokha
ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala
n'kukasiya kavine m'malere,
iwo maso ali ku ziweto,
tsaya litatupa ndi masamba a koka.
Mtunda ankauyeza ndi ulusi.
Ku msika wa ku Ocongate, njinga ziwiri zodzaza.
Ku dziwe la madzi otentha, theka.
Kwa mayi anga, nthawi ya chibwenzi,
ankati sankapota n'komwe,
manja ankachita thukuta.

Ine ndinathawa chisanu.
Zaka khumi ndi chimodzi ndili ku Arequipa,
m'fakitale momwe njinga zachitsulo mazana anayi
zimaima ndondondo pamzere
n'kumazungulira mpaka osaoneka.
M'phokosomo timalankhulana ndi nsidze.
Ulusi ukaduka kagetsi kofiira kamaphethira,
ndimathamanga, ndimalumikiza, sindicheuka.
Tsiku limodzi ndimatulutsa ulusi
umene bambo sakanaupota
ngakhale akanabadwa katatu.
Ndinawauzapo pa foni, ndikudzimva.
Anakhala duu, kenako anati:
Nanga umadziwa bwanji kuti ubweyawo ndi wa yani?
Paja iwo ankadziwa.
Uwu ndi wa yakuda ija yotsimphina,
uwu ndi wa mwana wake, wokonda kulavulira alendo.

Uthenga unandipeza ndili pa ntchito ya usiku.
Basi inagona panjira, msewu utagumuka,
ndipo ndinafika ataika kale.

Azakhali a Saturnina anandipatsa chipewa,
mpeni wopanda chigwiriro, kathumba ka koka.
Kanjinga ndinakapeza ndekha,
katazikidwa pamng'alu wa khoma la khola,
ulusi wofiirira utafika theka,
nsonga yake ikupepeluka ndi mphepo
ngati mawu a munthu amene wadulidwa pakamwa.

Ndinati ndimalize.
Ine, katswiri wa njinga mazana anayi.

Kanagwa m'ndowe.
Ndinakatola, ndinakapukuta pa siketi, kanagwanso.
Ubweya unkatuluka zibuma zibuma,
pena wonenepa ngati chala, pena n'kuduka phwi,
ndipo panalibe kagetsi kondiuza.
Alipaka zinandiyang'ana, zikubzikula,
ndi maso aja a apongozi.
Azakhali anaseka mpaka kutsokomola.
Nyowetsa zala ndi malovu, mwana iwe.
Ndipo usaime. Bambo ako unawaonapo akupota ataima?

Choncho ndinayenda.
Ndinatsegula khola, ndinatsata ziweto
kukwera njira ya ku madzi otentha,
mpweya ukundithera ngati mlendo,
chipale chofewa chili mbuu pamwamba pa phiri.
Penapake, pafupi ndi mwala wong'ambika pakati,
ndinaiwala kuti ndikupota,
ndipo kanjinga kanayamba kulemera.

Lero ulusiwo uli m'thumba la ovololo yanga.
Ukaumasula, umaona pomwe dzanja lawo linathera.
Mbali yawo ndi yosalala, yowonda ngati tsitsi,
kenako mfundo yaikulu yonyansa,
kenako ine, mabampu okhaokha.
Azakhali anati ndidule mbali yangayo,
idzaononga nsalu.
Sindinadule.

Nthawi ya nkhomaliro, makina akati zii,
anzanga akutsegula mabakuli,
ndimatuluka ndi ubweya wa yotsimphina ija,
umene ndinabwera nawo m'jumbo ya shuga.
Kuchoka pachipata cha fakitale
kukafika pamalo okwerera basi ndi kubwerera,
ulusi wake sudzaza n'chikhato chomwe.
Bambo akanati ndi pafupi.