Zigubu Zisanu ndi Zinayi

Bambo anga, a Thindwa, anatha zaka makumi awiri ndi zitatu
ku Lunyangwa, akutsuka mchenga wosefera madzi.
Madzi ankafika ofiira ngati katondo,
n'kuchoka m'manja mwawo ali mbee,
oti mwana wa ku Chiputula amwe osayang'ana m'kapu.
Lero jombo zawo zakana mapazi.
Ndawabweretsa atavala patapata, Juni ali pakati,
chifunga chitafunda Luwinga yense ngati bulangete lonyowa.

Dokotala, mayi Mzumara, wamng'ono kwa ine,
anadina chala pamsongolo pawo.
Chala chinachoka, dzenje linatsala.
Anafunsa za mkodzo. Bambo anayang'ana kuzenera.
Ndine ndinayankha: umachita thovu,
thovu lokhalitsa, ngati la sopo m'beseni.

Anatembenuza buku lakuchipatala,
kuchikuto kwake najambula nyemba ziwiri.
"Izi zili kumsana kwanu, m'munsi mwa nthiti,
iliyonse ngati chibakera chanu.
M'kati mwake muli timasefa tochuluka
kuposa anthu a m'Mzuzu muno.
Magazi amadutsamo usana ndi usiku,
ndipo madzi osefedwa pa tsiku limodzi
angadzaze zigubu zisanu ndi zinayi."

Bambo anadzuka pang'ono pampando.
"Za malita makumi awiri?"
"Zomwezo."
"Nanga bwanji munthu sauma ngati chiphwisi?"

Mayi uja anaseka, cholembera chili m'mwamba.
"Chifukwa impso si mchenga wanu, a Thindwa.
Mchenga umagwira zoipa, zabwino n'kudutsa.
Impso imayamba yatulutsa pafupifupi zonse pabwalo,
madzi, mchere, shuga, zinyalala,
ngati mayi wofuna kuzira nyumba.
M'nyumba mumatsala akuluakulu okha osakwana pakhomo,
maselo a magazi ndi zomanga thupi.
Kenako imatola n'kubweza:
shuga yense alowe, madzi alowe,
mchere woyeza ndi chala.
Zotsala pabwalo, ndi zotsalira za mapiritsi anu,
ndizo zimatsika kuchikhodzodzo.
Mabotolo atatu kapena anayi a fanta, basi."

"Nanga thovu?"
"Khomo lakula. Akuluakulu ayamba kutuluka.
Ndipo zinyalala zina zikugona m'nyumba."

Panakhala chete. Panja wakabaza ankaliza belu.
Ndinakumbukira mapiritsi a msana
ogula pa hokala ku Zolozolo, awiriawiri, zaka zonsezi,
kanyenya wa Loweruka woviika mumchere ndi tsabola,
bipi imene anati ndi matenda a mabwana.

Bambo anafunsa funso la munthu wantchito:
"Mumadziwa bwanji kuti sefa yatopa?"
"Timayeza kachinyalala kena kochokera m'minofu.
Kakachuluka m'magazi, ndiye kuti wosesa wachepa mphamvu."
Anagwedeza mutu. "Ifenso tinkatero.
Botolo la polowera, botolo la potulukira,
n'kuwaimika pa dzuwa."
Kenako, motsitsa mawu:
"Koma ife Lachinayi tinkabweza madzi chakumbuyo,
mchenga n'kuyera."
Mayi Mzumara anatseka buku pang'onopang'ono.
"Zafa sizidzuka. Tisamale zatsalazi."

Pobwerera tinatsikira pa Katoto.
Anakana kuti ndiwagwire dzanja.
Kunyumba anatenga kabotolo ka mchere patebulo,
n'kukaika pamwamba pa kabati, kuseri kwa wailesi yakufa.

Usiku ndinawamva akutuluka kawiri.
Kachitatu ndinasuzumira.
Anaima pa mpopi, tochi ili m'kamwa,
akuyang'ana kapu ya madzi monga ankachitira kuntchito,
dzanja lina lili kumsana, m'munsi mwa nthiti,
pamene anthu awiri agwira shifiti
zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri
osalandirana ndi wina,
osalembedwa m'buku la malipiro.

Anamwa theka.
Theka linalo anathirira tomato.