Mtengo wa Dzimbiri

Ndinaukulunga m'chitenje cha malemu mayi
n'kukwera sakaramento ku Mchengautuwa
chifunga chisanachoke pa malata a Chibavi.
Wopalasa anafunsa chimene chinkamugunda kumsana.
Ndinati: fizi ya mwana.

A Mwalwanda ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya matayala ku Katoto,
mashelefu odzaza ndi zinthu zotsala eni ake atapita:
mawotchi osayenda, mamendulo, makobidi obooka pakati.
Moni wawo ndi wamfupi.
Anayala nyuzipepala pathebulo,
anavala magalasi ena pamwamba pa magalasi,
n'kuulandira ngati namwino wolandira khanda.

"Bayoneti," anatero. "Ya Mjeremani.
Onani pamsana apa, kachisoti kachifumu,
pansi pake manambala awiri a chaka, ina yadyeka.
Kangalande aka m'chigwiriro ndi kolowera mfuti.
Kabatani kakudinikabe, mwayi wanu.
Dzina la fakitale limakhala apa."
Anakandapo ndi chikhadabo.
"Linali apa."

Kenaka anayendetsa chala kukamwa kwa mpeni,
nkhope n'kugwa.
"Ananola ndani?"

Ananola ndani!
Anaunola Yotamu, agogo a bambo anga, mtengatenga,
amene anasenza zipolopolo za eni ake kuchokera ku Karonga
mpaka khosi linamira m'mapewa,
malipiro ake n'kukhala chifuwa chosatha
ndi chitsulo ichi, chotola m'matope
pambali pa munthu wogona chafufumimba.
Anaunola mwana wake, kusadzira nthochi.
Anaunola bambo pa mwala wa kuseri kwa bafa
mbuzi ikamalira pachingwe,
kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro.
Mayi anakumbira chinangwa, anatsekulira zitini za penti,
anagona nawo pansi pa pilo chaka chimene akuba anavuta.
Ndipo ine, dzulo lomweli,
ndi sandipepa wobwereka kwa kalipentala,
ndinaupala mpaka unawala
kuti usachite manyazi pamaso pa ogula.

"Mwapala ndalama," anatero a Mwalwanda.
"Anthu anga a kunja amagula dzimbiri.
Amafuna wosakhudzidwa, uli m'chimake,
nambala ya m'chimake yogwirizana ndi ya mpeni,
mano a sowo onse ali kumsana,
matabwa a chigwiriro omwewo a ku fakitale.
Awa ndi a mlombwa."

Inde ndi a mlombwa.
Anaikamo ndi amalume, akale atathetheka,
n'kukhomera ndi masipoko a njinga.
Pali podyeka pamene pankakhala chala chachikulu cha mayi.

Anadinadina kakyuleta n'kunditembenuzira.
Poyamba anandionetsa mtengo wa mpeni waulesi,
umene wagona m'bokosi zaka zana osadula ngakhale luzi.
Ndinameza mate.
Kenaka anafufuta, n'kulemba mtengo wa wathu,
umene unadyetsa mibadwo inayi.
Ziro mmodzi anatsalira m'njira.

"Pokhapokha mutakhala ndi pepala,"
anatero motsitsa mawu,
"losonyeza kuti unalidi kunkhondo, m'manja mwa uje.
Nkhani imakweza mtengo."
Nkhani ndili nayo, bwana, yodzaza dengu.
Koma Yotamu sanalembedwe m'buku la munthu aliyense.
Ankawerenga mabokosi ofika,
osati mitu imene inawasenza.

Kunja kunayamba kuwaza, mvula ya kuno yosadziwa kalendala.
Ndinaganiza za Tafwachi ku Luwinga,
dzina lake lili pa chitseko cha ofesi, pa mndandanda wa angongole.
Ndinawerenga ndalamazo kawiri.
Theka la teremu.
Chitenje ndinapempha kuti andibwezere.

Pa Zigwagwa ndinaima kwa mnyamata wa ziwiya,
poti Loweruka kuli alendo ndipo tambala sadzipha yekha.
Anandisankhira wa chigwiriro cha pulasitiki, chobiriwira.
"Uwu ndi wakuthwa kale, madala, sufuna kunola.
Ukabuntha mungotaya."

Ndinaukulunga m'chitenje chomwe chija.
Unali wopepuka,
moti panjira ndinaimitsa njinga kawiri
kuona ngati sunagwe.