Mpope wa Chifefe

A Malizani Njobvu ankasakaniza Loweruka,
kuseri kwa depoti ya simenti, msewu wa Lumumba,
malole atagona, fumbi la Ogasiti
likukhazikika pa malata.

Kampani inatipatsa yunifolomu, wezulo,
tochi yopanda mabatire,
ndi chifefe chimodzi cha alonda anayi.
Za mankhwala otsukira anati mudzionera nokha.
Kabotolo kake m'sitolo ya m'tauni
kankadya malipiro a sabata yathunthu.

Ndiye ankatuma ine, wamng'ono pantchito.
Palafini wa pa kantemba ku Kanyama,
mafuta ofiira a giyabokosi
opempha kwa Yelesani makanika,
amene ankapereka akutukwana,
ndi timadontho ta sipiriti totsala kwa opaka penti.
Ankathira m'botolo lakale la mankhwala a chifuwa,
n'kulikhutchumula pafupi ndi khutu
ngati muli wina woti ayankhe.
"Likafiira ngati tiyi wa pamaliro, lapsa.
Ndipo ndudu yakoyo ukasutire ku geti."

Koma choyamba, nthawi zonse choyamba,
ankathyola mfuti pakati,
kusuzumira, kupisamo chala,
kusuzumiranso.
Tsiku lina ndinaseka. Iwo sanaseke.
Anangotchula dzina: Lekani Mvula wa ku Matero,
amene anati mulibe kanthu.
Anasiya ana atatu ndi ngongole ya njinga.

Nsanza zinali za chitenje cha malemu akazi awo,
cha maluwa achikasu.
Ankang'amba moumira,
kachidutswa kosaposa chikhatho cha khanda,
kukanyika, kukamangirira ku waya wa buleki,
n'kukakoka kudutsa mumpope.
Koyamba kankatuluka bii,
kachiwiri kotuwa ndi simenti ndi dzimbiri.
Pofika kachisanu maluwa ankatuluka ali maluwa.
Pamenepo ankaloza mpope ku babu la pakhonde,
magetsi akathima, ku mwezi,
n'kundiuza, "Taona."
Ndinkaona njira yosalala, yonyezimira,
yopanda banga ndi limodzi lomwe,
ndipo kumapeto kwake
kadziko kakang'ono kozungulira.

Pa zaka khumi ndi chimodzi
mfutiyo inalira kawiri kokha.
Kamodzi m'mwamba, anyamata a ku Chibolya atakwera mpanda.
Kachiwiri m'mwamba momwemo,
ndipo amene anathawa anali galu.
Ndinafunsa: nanga timatsukiranji chinthu chosalankhula?
Anapukuta zala chimodzichimodzi.
"Mfuti yauve imalankhula pamene yafuna yokha.
Yoyera imadikira kuti uifunse.
Ine ndimaisambitsa kuti izikhala chete."

Zotsala m'botolo sizinkatayidwa.
Zinkapita ku mahinjesi a geti,
ku loko, ku tcheni cha njinga,
ku makina osokera a Mai Tisauke
amene ankatibwezera ndi zitumbuwa zozizira.

Anawapumitsa ntchito mu Novembala,
mvula yoyamba isanagwe.
Anawapatsa envulopu yopyapyala ndi ambulera.
Ku siteshoni ya mabasi a ku Petauke
anandigwira dzanja nthawi yaitali
ndipo chikhatho changa chinanunkha palafini
mpaka ndinakafika kunyumba.
M'thumba la jekete ndinapeza chitenje chija,
chatsala ngati mpango wa m'mutu.

Tsopano Loweruka ndi langa.
Yelesani akutukwanabe, mano atsala ochepa.
Kuli mnyamata watsopano, Ganizani,
amene amaonera mpira pa foni
ine ndikuthyola mfuti pakati.
Dzulo anaseka
nditapisamo chala kachiwiri.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire,
koma munatuluka dzina la munthu
amene sindinamuonepo,
ndi ana ake atatu, ndi njinga.

Maluwa achikasu atsala asanu ndi awiri.
Ndikung'amba mochepa kuposa kale.